Mlandu wa munda wa ku Muloza ndakaukambira ku Joni

Tsiku loyamba, Lachitatu

Basi yatitula pa Park Station kusanache bwino, miyendo itatupa, msana ukulira. Kuzizira kwa kuno mu Juni n'kwamtundu wina. Ine ndakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, chiperoni ndimachidziwa, koma chiperoni chimachenjeza, chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa. Kuno kumwamba kuli mbee, koma mphepo ikuboola mpaka m'mafupa. Mphwanga anandichingamira jekete lili m'manja. "Malume, valani kaye ili, moni tipatsana mukafundidwa."

Tinanyamuka Lolemba pa Wenela ku Blantyre. Ana a masiku ano amayesa Wenela ndi dzina la depoti chabe. Dzinalo ndi la bungwe la eni migodi ya kuno, Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba azibambo athu kuti adzakumbe golide. Bambo anga anabwera kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anabwerera ndi njinga ndi chifuwa. Kulembako kunaima mu 1974, ndege yobweza anthu kumudzi itagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa. Lero tikunyamukabe pamalo omwewo, kulowera komwe kuja, kungoti tikiti tikudzigulira tokha.

Malire tadutsa atatu. Mwanza ndi Zobue, kenako mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare usiku, Beitbridge. Za Beitbridge sindinena zambiri, ndinagona choimirira pamzere. Chimene chanditsalira m'mutu ndi pa Zobue. Mayi amene anandigulitsa nthochi tisanadinditse pasipoti ndi mayi amene anandigulitsa mtedza titadinditsa, onse anandilonjera chimodzimodzi, "Mwaswera bwanji bambo," ndipo ndikukhulupirira kuti akamwalira wina, winayo amakagona pa siwa. Koma pakati pawo pali mbendera ziwiri ndi ndalama ziwiri.

Sindinabwere kudzaona malo. Ndatumidwa ndi mlongo wanga, mayi ake a mnyamata ameneyu, chifukwa mwinimbumba ndine. Pali munda kumudzi umene watiika pamoto. Ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale zaka zambiri, ndiye mundikhululukire ndikamasochera n'kulowa m'zaka za m'ma 1800, ndi matenda a ntchito.

Tsiku lachiwiri, Lachinayi

Mphwanga amakhala ku Mayfair, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya bwana wina, iye ndi mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi. Ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo, mageti ndi zotchingira mawindo, ndipo mumzinda uno, mmene anthu amaopera akuba, ntchito imeneyo siisowa. Mumsewu mwawo Chichewa ndi Chiyao zikumveka ngati uli pa Limbe. Usipa umene ndinabweretsa wagawidwa nyumba zinayi dzuwa lisanafike pamutu.

Madzulo tinakhala pansi, ndipo nkhani yake ili motere.

Zaka zingapo zapitazo anagula munda kufupi ndi Muloza, woti adzamangepo akadzatopa ndi Joni. Ndalama anatumiza pafoni, mng'ono wake ndiye anakapereka, pepala linalembedwa, a nyakwawa n'kudindapo chidindo. Wogulitsayo anati mundawo unali wa malemu amayi ake. Sananame. Chimene sananene n'chakuti amayi akewo anali ndi mng'ono wawo amene akali moyo, ndi mlongo wawo, mwinimbumba weniweni, onse okhala tsidya lina la mtsinje wa Muloza, mbali ya Milange, ku Mozambique. Pa nthawi ya nkhondo ya kumeneko banja lonse linathawira kuno kwathu n'kumalima munda womwewo. Nkhondo itatha mu 1992 ena anabwerera, ena anatsala.

Zonse zinali zii mpaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Amene anaona zimene madzi ndi miyala zinachita ku Muloza safuna kukumbutsidwa. Dimba la agogo aja, mng'ono wa malemuwo, tsidya linakwiririka ndi mchenga. Iwo sanapite kwa wina aliyense kukapempha, anangonyamula khasu, kuwoloka, n'kuyamba kulima munda wa mkulu wawo. Pano muli nandolo ndi chinangwa.

Tsono mlanduwu auzenge ndani? A nyakwawa athu anawaitana kubwalo. Iwo anayankha kuti si anthu a nyakwawa ameneyo, mfumu yawo ili tsidya. Mfumu ya tsidya ikuti singagamule za nthaka ya dziko la eni, komanso singalole anthu ake kukaweruzidwa iyo palibe. Apolisi a mbali zonse akuti nkhani ya munda ndi ya mafumu. Mlandu uli lende ngati mleme, si mbalame, si mbewa.

"Malume, ine ndili ndi pepala," anatero mphwanga, akuligwedeza lili m'pulasitiki. "Ndiwapatsa sabata imodzi. Akapanda kuchoka nditumiza anyamata akazule."

Manja ake ndi azipsera zokhazokha za moto wowotcherera. Ndinawayang'ana manjawo, mawu amene ndinawakonza m'basi monse n'kundithawa. Ndinangoti tigone kaye.

Tsiku lachitatu, Lachisanu

Mdzukulu wanga sanapite kusukulu lero, akuti akaonetse agogo tauni. Chichewa chake n'chopindika, amachisakaniza ndi Chizulu, koma timamvana.

Ananditengera ku Newtown, ku Workers' Museum. Ndi komboni yakale imene khonsolo ya mzinda inamanga mu 1913 kuti muzigona antchito ake achikuda, amuna okhaokha. Mabedi ndi a simenti, ogundana ngati mashelefu a m'sitolo. Ndinagonapo pang'ono kuti ndimve, mwana n'kumandiseka. Bambo anga sanagone m'komboni imeneyi, iwo anali ku mgodi, koma ankanena za mabedi otere ndipo ife tinkayesa nthabwala.

Pobwerera, tili m'takisi, anandilozera milu yachikasu ija ya dothi lotuluka m'migodi. Golide wa kuno anapezeka mu 1886 ku Langlaagte, mzinda n'kumera ngati bowa. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti boma loyamba la atsamunda kwathu linkayendera ndalama za ku maenje a dziko lino. Anati ayi. Cecil Rhodes, amene analemera ndi dayimondi wa ku Kimberley ndi golide wa kuno, anali ndi kampani yake, British South Africa Company, imene inalandira chilolezo cha Mfumukazi ya ku Britain mu 1889. Boma la ku London silinkafuna kuwononga ndalama pa dziko la kunyanja, ndiye kampaniyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston kuti ayendetsere boma. Mnzake wa Rhodes, Jameson, uja anabwera ndi asilikali kudzalanda mzinda uno n'kugonja ku Doornkop pa 2 Januwale 1896, ndi yemwe dzina lake linapatsidwa ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kumene achibale athu Achewa ndi Angoni ali.

Mwanayo anamvetsera mwaulemu, kenako anapempha tchipisi.

Tsiku lachinayi, Loweruka

Lero ndiye ndalankhula mpaka kukhosi kuuma, ndipo sindikudziwa ngati ndathandiza kapena ndaononga.

Madzulo kunabwera anzake a mphwanga kudzaona mlendo. Wina wa ku Nsanje amene amayendetsa galimoto yonyamula mipando, wina wa ku Ntcheu wosoka makatani ku Fordsburg, ndi mnyamata wa ku Mangochi wosalankhulalankhula. Nsima inali ya ufa wa m'sitolo, woyera mbuu koma wopanda fungo la mphale. Nkhani ya munda itatuluka, wa ku Ntcheu anafunsa kuti kodi anaika malire pa kamtsinje koti mwana amawoloka ndi miyendo ndani. Funso lotere kwa mphunzitsi wopuma lili ngati kuponya chimanga pakati pa nkhuku.

Ndinayamba ndi chimene ambiri sachidziwa, chakuti tinatsala pang'ono kukhala a Mozambique tonse a kummwera. Apwitikizi anali pa Zambezi zaka mazanamazana, ku Sena ndi ku Tete, ndipo anajambula mapu awo, dziko lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique atalipaka utoto umodzi wofiirira. Koma ku mapiri a Shire kunali kale anthu a ku Scotland, mishoni ya Blantyre kuyambira 1876 ndi kampani ya Mandala kuyambira 1878. Kumayambiriro kwa 1889 Johnston anatumidwa ku Lisbon kukakambirana, ndipo anabwerako ndi pangano losasainidwa lopereka mapiri a Shire kwa Apwitikizi. Mipingo ya ku Scotland inadzuka, abusa ndi akulu ampingo zikwizikwi n'kusaina kalata yokana, ndipo Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, anakana panganolo. Kukanapanda phokoso la m'matchalitchi a kutali kumeneko, bwenzi pano ku Blantyre tikupatsana moni wa Chipwitikizi.

Chaka chomwecho Mpwitikizi wina, Serpa Pinto, anakwera ndi Shire ali ndi gulu la asilikali, akuti akungoyendera dziko. Johnston, amene tsopano anali kazembe, anakumana naye n'kumuchenjeza kuti asawoloke Ruo. Apa wa ku Nsanje anaomba m'manja. "Pa Chiromo pamenepo, bambo! Pamene Ruo amathira mu Shire!" Pomwepo ndithu. Kumtunda kwake kunali Amakololo, anthu aja anabwera ndi Livingstone n'kutsalira, Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya ndi anzawo, amene anadzakhala mafumu pakati pa Amang'anja. John Buchanan, wogwirizira ukazembe, analengeza kuti dziko la Amakololo lili m'manja mwa Britain, mbendera n'kugawidwa. Mu Novembala 1889 anthu a Mlauli, mmodzi wa mafumu a Amakololowo, anamenyana ndi asilikali a Serpa Pinto, ndipo Amakololo pafupifupi 70 anaphedwa. Asilikali a Apwitikizi anapitirira mpaka kwa Katunga, doko limene katundu wa ku Blantyre ankatsikira.

Tsono apa m'pamene nkhani inachoka m'manja mwa amene anali pamalopo n'kupita kwa akazembe. Apwitikizi anapempha kuti papezeke mkhalapakati, dziko lina ligamule. Angerezi anakana, chifukwa anali atapsa kale. Mu 1875 mlandu wa Delagoa Bay, pamene pali Maputo lero, unaperekedwa kwa MacMahon, mtsogoleri wa France, ndipo iye anagamula mokomera Apwitikizi. Safuna kubwereza bwalo munthu amene linamugwetsa. Pa 11 Januwale 1890 Salisbury anatumiza kalata yachiopsezo: chotsani asilikali anu ku Shire, kwa Amakololo ndi ku Mashonaland, apo ayi kazembe wathu achoka ku Lisbon ndi anthu ake onse. Sitima yomunyamula inali kudikira kale ku Vigo. Apwitikizi anagonja.

Mphwanga anamenya patebulo. "Mwaona malume! Sabata imodzi ija ndimanena ine. Munthu akakhala ndi mphamvu amangonena kamodzi."

Ndinadziluma lilime. Ndinamuuza kuti amve kaye zotsatira zake. Boma la ku Lisbon linagwa chifukwa cha manyazi amenewo. Anthu anadzaza m'misewu, ndipo nyimbo ya fuko imene Apwitikizi amaimba mpaka lero inapekedwa mu mkwiyo wa chaka chimenecho. Pangano loyamba la malire, la mu Ogasiti 1890, nyumba ya malamulo ya kumeneko sinalivomereze. Anachita kupanga kapangano kongogwirizira mu Novembala, kakuti aliyense akhale pamene ali, kenako n'kuyambiranso kukambirana. Pangano lenileni linasainidwa pa 11 Juni 1891. Kuopseza kunatenga tsiku limodzi, koma kukonza zimene kuopsezako kunaswa kunatenga miyezi 17, ndipo mathero ake anakhalabe pansi n'kupatsana, uyu apa, uyu apo.

Mdzukulu anapeza mawu a panganolo pa intaneti n'kumatiwerengera, ine ndikumasulira. Malire atsate gombe la kum'mawa la nyanja ya Chiuta, apite ku gombe la kum'mawa la Chilwa, kuchoka apo alunjike ku mtsinje wa kum'mawa kwenikweni mwa mitsinje yothira mu Ruo, atsike nawo, atsate Ruo mpaka mu Shire. Mtsinje wa kum'mawa kwenikweniwo ndiye Muloza wathu. M'panganomo sanautchule n'komwe dzina. Olembawo anali asanauone, sankadziwa kuti anthu amachapa mbali iyi n'kuyanika mbali inayo.

Wa ku Ntcheu anati nanga kwawo. Kwawo anatsata msana wa mapiri, pogawikana madzi opita ku Zambezi ndi opita ku nyanja, n'chifukwa chake pa Lizulu munthu ukatsika basi kukagula mbatatesi tsidya la msewu, wapita kunja kwa dziko wopanda pasipoti, ndipo Angoni a kwa Gomani ena ali ku Ntcheu, ena ku Angonia. Wa ku Mangochi, amene anali chete usiku wonse, anangofunsa kuti, "Nanga Mlauliyo anamufunsa?"

Sanamufunse. Anthu ake ndiwo anafa, mbendera ya eni ili m'manja, koma m'makalata onse a pakati pa London ndi Lisbon iye anali umboni chabe wakuti dzikolo ndi la Britain.

Alendo anabalalika mochedwa. Mphwanga sananenenso za anyamata ozula nandolo, komanso sananene kuti wasintha maganizo.

Tsiku lachisanu, Lamulungu

Tinakapemphera ndi a Malawi anzathu m'holo ina yobwereka. Nyimbo zake zomwe zija za kwathu, ndipo ndinadzigwira kuti misozi isatsike. Zolengeza zinatenga nthawi kuposa ulaliki: chopereka chotumizira maliro kumudzi, wina akufuna chipinda, wina wamangidwa chifukwa cha mapepala.

Usiku wathawu sindinagone bwino. Chimene chimandisowetsa tulo ndi pepala lija la m'pulasitiki, chifukwa ndalizindikira. Atatha kugawana ndi Apwitikizi, Johnston anapeza kuti azungu anali "atagula" kale malo ambirimbiri kwa mafumu, ena ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira 1892 anayamba kuunika zogulazo n'kumapereka mapepala otchedwa Certificates of Claim. Malo onse amene anapita mwa njira imeneyi anakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Funso limene silinayankhidwe bwino ndi lakuti, kodi mfumu inali ndi mphamvu yogulitsa nthaka imene inkangoisungira anthu ake? M'mapepala ambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene ilipo kale isasokonezedwe, ndipo mu 1903 woweruza Nunan anaimira mawu amenewo pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa. Koma pansi zinthu zinayenda mwina. Anthu anasanduka alendo pa nthaka ya makolo awo, thangata n'kukula, mpaka zimene zinachitika ku Magomero mu Januwale 1915.

Mphwanga si Mzungu wa esiteti. Ndi mwana wa mlongo wanga amene wapsa manja kuti adzakhale ndi pogona. Koma pepala lake lili ndi chilema chomwecho, munthu mmodzi anagulitsa chinthu cha anthu ambiri. Ndinamuuza zimenezi tikuyenda kuchokera kutchalitchi, ndinasankha pamsewu dala kuti asakweze mawu. Ndinamukumbutsanso kuti lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo ndi mabwalo ake, ndiye chidindo cha nyakwawa pachokha si mapeto a nkhani. Anayenda mtunda osayankha. Kenako anati, "Ndiye ndalama zanga zapita, malume?" Ndinati sizinapite, koma munda wonse sautenga popanda udani wa zaka.

Mwayi unabwera kudzera mwa mkazi wake. Amayi ali ndi njira zawo. Kutchalitchi komweko anamva kuti mwana wa mwinimbumba wa tsidya uja ali konkuno, amalondera ku Rosettenville. Pofika madzulo nambala inali itapezeka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Lolemba

Rosettenville ndi dera limene kale munkakhala Apwitikizi ambiri, ndipo malo odyera ena akadali ndi mayina a chinenero chawo. Ndinaseka ndekha titatsika takisi. Mlandu umene unabadwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi tikukaukambira m'dera la Apwitikizi, mumzinda wa golide.

Munthuyo ndi wamkulu ndithu, wa imvi za m'mbali, anabwera atavala yunifolomu ya ulonda chifukwa amalowa madzulo. Tinayamba ndi Chichewa, pena n'kumagwera m'Chilomwe, chimene iye amachilankhula bwino kuposa ine. Sitinathamangire munda. Tinayamba ndi Freddy, ndi amene anapita ndi madzi, ndi mitengo ya chimanga pa Limbuli. Titafufuzana mitundu tinapeza kuti agogo ake aakazi ndi agogo anga ankatunga pachitsime chimodzi. Mphwanga ankangogwedeza mwendo pansi pa tebulo.

Titafika pa nkhani, iye anati, "Akulu, ife sitikukana kuti mwanayu anapereka ndalama. Koma anapereka kwa munthu amene sanatifunse. Azakhali anga adye mchenga?" Mphwanga anatulutsa pepala. Munthuyo sanalikhudze n'komwe. Anati pepalalo ndi la ku Malawi, iye ndi wa ku Mozambique, ndipo manda a agogo ake ali m'mphepete mwa munda womwewo kuyambira kale mbendera zisanabwere.

Pamenepo ndinakumbukira za Chinde. M'mapangano omwe aja a 1891, Angerezi analibe doko lolowera kudziko lawo latsopano, ndiye Apwitikizi anawabwereka kamalo pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, kwa zaka 99. Nthaka inali ya Apwitikizi, koma katundu wopita ku Shire ankatsikira pamenepo osalipira msonkho. Ndinati, bwanji tichite chimodzimodzi? Munda ukhale wa mphwanga, koma chigawo cha kumunsi, chokhala ndi chinyontho, chibwerekedwe kwa agogowo moyo wawo wonse, ndipo manda asakhudzidwe. Mlonda uja anafunsa kuti za ku Chindezo zinatha bwanji. Ndinayenera kunena zoona: nyanja inkadya malowo chaka ndi chaka, namondwe wa 1922 anamalizitsa, njanji ya ku Beira n'kulanda ntchito yake, ndipo mu 1923 Angerezi anawasiya. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mukufuna azakhali anga muwapatse kumene Muloza adzadye!"

Tinakokanakokana mpaka tiyi kuzizira. Anaimbira foni bambo ake, mwinimbumba uja, mawu akudukaduka. Mkuluyo anakana mawu akuti kubwereka. Anati munthu sabwereka chake. Tinasinthasintha mawu mpaka tinapeza ovomerezeka kwa onse, akuti agogowo "apitiriza kulima" kumunsi. Mphwanga akumva kuti wawalola, iwo akumva kuti sanachokepo. Akazembe amadyera pomwepa, pa mawu oti aliyense akawatanthauzire kwawo mmene akufunira.

Tagwirizana kuti chaka chino wina asamange, wina asazule. Nandolo akololedwe kaye. Mu Disembala, onse akabwera kutchuthi, tidzakhale pamunda pomwepo, mafumu onse awiri ataitanidwa ngati mboni, osati ngati oweruza, kuti pasapezeke wopita kubwalo la mnzake. Wogulitsa uja adzabweze gawo la ndalama. Mzere tinaujambula kuseri kwa lisiti la tiyi, kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa chulu, aliyense n'kuujambula pafoni yake.

Pobwerera mphwanga anandigulira nsapato. Sananene kanthu, koma ndinamva.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Lachiwiri

Ndapumula. Ndinafuna kukaona Constitution Hill koma mawondo akana. Tsiku lonse lapita ndi kulandira katundu wa anthu: mabulangete, mafuta ophikira, wailesi ya galimoto, envelopu za ndalama zolembedwa mayina a midzi. Ukanena kuti ukupita kumudzi, Mayfair yonse imakhala abale ako.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Lachitatu

Ndikulemba ndili pa Park Station, basi ikupakira. Ndinadzuka wokondwa, ndikudziona ngati munthu amene wazimitsa moto wa tchire ndi nthambi imodzi. Kenako foni inayamba.

Oyamba anali a nyakwawa, kudzera mwa mng'ono wake wa mphwanga. Akuti amva kuti munda wa m'mudzi mwawo wagawidwa ku Joni, m'nyumba yomwera tiyi, ndipo akufuna adziwe kuti ufumu anaupereka liti kwa aphunzitsi opuma. Ndidzayenera kupita ndi nkhuku.

Wachiwiri anali mlongo wanga, uthenga wa mawu pa WhatsApp, wautali mphindi zinayi. Akuti dzulo anapita kumunda kuja kukaona agogowo, kuti awauze mwaulemu zimene tagwirizana. Anawapeza akukweza mizere ya mbatata. Agogowo anamvetsera mpaka kumapeto, khasu lili m'manja, kenako anafunsa kuti amuna amenewo, okhala ku Joni ndi okhala tsidya, ndani mwa iwo anagwirapo khasu m'munda umenewu. Akuti iwo palibe amene wawafunsa kanthu. Mango amene tikunenawo anabzala ndi iwo ali mtsikana, ndipo chulu chija anachigumula chaka chatha n'kuthira dothi lake m'munda, palibenso chulu.

Ndatulutsa lisiti lija m'thumba la jekete n'kuliyang'ana. Mzere wathu ukuthera pa chulu. Mlongo wanga akuti mizere ya mbatatayo yadutsa kale pamene panali chulupo ndi mapazi khumi, kulowera kumtunda.

Kondakitala akuitana a ku Blantyre. Mphwanga sindinamuuze, ali pansipo akukangana ndi opakira za mtengo wa mabulangete. Ndimuimbira tikawoloka Limpopo.